Buku Limene Sitinamalize

Fungo la makoko a manachesi likandifika m'mphuno, mtima umabwerera ku Mwanza, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 7. Manachesi anabereka kwambiri chaka chimenecho moti ankaolera m'madengu m'mbali mwa msewu wa ku boda, ndipo zala zathu zinkakhala zachikasu ndi zomata mpaka m'kalasi. Matipate anali atangoyamba kumene. Sukulu ya pulayimale inali itasanduka yaulere, ndipo bambo anga, amene anali mphunzitsi, ankaphunzitsira chikhamu cha ana pansi pa mtengo wa mango. Ankafika kunyumba mawu atasasa, malaya ali choko chokhachokha.

M'nyengo yomweyo akulu awo a bambo, a Fabiano, amene ife tinkawatcha bambo aakulu, anamaliza nyumba yawo pakaphiri ka m'njira ya ku Thambani. Anali ndi mathiraki oyenda ku Tete ndi ku Joni. Nyumbayo inali yoyera mbee, ya magalasi abuluu, ndipo dzuwa likamapendeka inkawala mpaka pakhonde pathu, kumalayini a aphunzitsi. M'menemo munkakhala mwana wawo Tereza, wa msinkhu wanga. Tereza anali ndi nsapato zakuda za kusukulu, zoyera za kutchalitchi, ndi zina zofiira zongoyendera pakhomo. Ine ndinali ndi zapulasitiki zimene amayi anazimata ndi mpeni wotentha zitaduka lamba. Nsapato za Tereza ndinkaziloweza kuposa mayina a mitsinje amene tinkafunsidwa pamayeso.

Tsiku lina amayi anandituma kukapereka mtedza kumeneko, ndipo bambo aakulu anandiitanira m'chipinda chimene ana sankalowamo. Munkamveka fungo la polishi ndi mapepala akale. Khoma lonse linali mashelefu a mabuku a Chingerezi amene anagula m'makatoni ku Joni. Anasolola limodzi lopyapyala, lolembedwa ku Amereka, pachikuto pake pali chithunzi cha chinyumba chachikulu.

"Ndamva kuti umawerenga Chizungu kuposa anyamata," anatero. "Uzibwera Lachitatu ndi Loweruka, uzindiwerengera ili n'kumandimasulira. Ndikufuna ndidziwe kuti mwini nyumbayi zinamuthera bwanji. Koma bambo ako asamve."

Chizungu chake chinali cholimba ngati chimanga chokazinga. Zimene ndinkatolamo zinali zakuti munthu wina wobadwira mu umphawi analemera kwambiri, n'kumaitanira anthu osawadziwa kumaphwando, zonsezo pofuna kuti mkazi amene anamukonda kalekale abwerere kwa iye. Mawu ovuta ndinkawalemba pakapepala n'kukafunsa bambo ngati ndi a kusukulu. Pamene zandikanika ndinkangopeka. Bambo aakulu ankakhala pampando wachikopa, akundisendera manachesi n'kumaika tizidutswa pambale yagalasi. Nthawi zina ankatseka maso n'kunena kuti, "Ameneyu akuyesa kuti ndalama zimabweza zaka. Pitiriza, timuone." Tsiku lina, ana a sukulu akudutsa kumunsi kwa phiri, anawayang'ana nthawi yaitali n'kunena chapansipansi kuti sukulu yaulereyi inachedwa kubwera. Ine sindinalabadire. Maso anga anali pawindo, pomwe Tereza ankazungulira bwalo panjinga yake yatsopano.

Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti kuwerengaku kudzandibweretsera nsapato. Ndikamavula zanga pakhomo la chipindacho, ndinkaziika dala chomata chili poonekera. Thiraki ya ku Joni itafika, Tereza analandira diresi lachikasu ndi nsapato za chitsulo chonyezimira pamwamba. Ine bambo aakulu anandipatsa phukusi lolemera, lokutidwa bwinobwino. Munali dikishonale. "Limeneli ndinachita kukasankha ndekha," anatero, nkhope ikuwala. Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Potsika phirilo ndinalira njira yonse, ndipo nditafika ndinaliponyera kunsi kwa bedi.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, kunali phwando lodalitsa nyumbayo. Anapha mbuzi, mpunga unaphikidwa m'miphika ikuluikulu, wailesi ikuimba nyimbo za ku Mozambiki. Kunabwera mabwana a m'maofesi a paboma, a sitolo, madalaivala, ndi anthu ena amene palibe ankawadziwa. Bambo anga anavala jekete lokhalo limene anali nalo. Atadya, alendo olemekezeka anawalowetsa m'chipinda cha mabuku, ndipo ine ndinalowa nawo, poti ndinkachiona ngati changa.

Bwana wina wa mimba yaikulu atayamikira mashelefu, bambo aakulu anasolola buku lathu lija n'kuyamba kufotokoza nkhani yake. Ankaifotokoza mokoma kuposa mmene ine ndinkachitira, ndi zopeka zanga zomwe. Anthu anatchera khutu. Tereza anatsamira mpando wa bambo ake atavala diresi lachikasu lija, dzanja lawo lili paphewa pake, nsapato zikuthwanima pamatailosi. Mawu anali anga, koma wowala anali iye.

"A Fabiano, simunatiuze kuti ndinu ophunzira chonchi," anatero bwana uja.

"Satha kuwerenga Chizungu," ndinatero ine, mawu akumveka chipinda chonse. "Ndimawawerengera ndine."

Wina anayamba kuseka n'kukusandutsa chifuwa. Bambo aakulu sanakalipe. Anatseka bukulo pang'onopang'ono, n'kulibwezera pamalo pake. "Mwanayu akunena zoona," anatero. Sanayang'ane ine kapena bwana uja, anayang'ana mng'ono wawo, ndipo bambo anga anagwetsa nkhope. Kenako bambo aakulu anatuluka, ati akukaona ngati madalaivala adya.

Ndinkayembekezera chikwapu, koma bambo sanandimenye. Tinatsika phirilo awiri, fumbi la m'njira likutiyeretsa miyendo. Titafika pakamlatho anaima n'kundiuza kuti agogo anga aamuna atamwalira, a Fabiano anali mu Sitandade 4, ndipo chiyambire sukulu panalibe amene anawaposapo m'kalasi. Anasiya sukulu okha n'kupita kukanyamula katundu pa boda kuti mng'ono wawo apitirize. "Choko chimene ndimagwirachi chinali chawo," anatero bambo, n'kuyambanso kuyenda.

Lachitatu ndinapita ndithu. Ndinapeza chipinda chokhoma, ndipo mayi aakulu anandiuza kuti bambo aakulu akupuma. Loweruka zinali chimodzimodzi. Sanandiitanenso. Tikakumana ankandipatsa moni mwansangala, n'kufunsa za sukulu ngati palibe chinachitika, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kukalipiridwa. Manachesi anatha m'mitengo, mphepo ya Ogasiti inayamba kuulutsa mapepala pamsika. Bukulo tinalisiyira pakati, mwini nyumba uja adakali ndi chiyembekezo.

Ndinadzalimaliza ndili ku koleji ya aphunzitsi. Munthu uja sanapeze chimene ankafuna, ndipo chuma chake sichinamuperekeze kumanda. Ndinaganiza zokawauza bambo aakulu patchuthi, koma nthawi iliyonse manyazi ankanditseka pakamwa, mpaka anamwalira ine ndili kale pantchito. Pamaliro awo, tikusenda anyezi kuseri kwa nyumba, Tereza anandiuza chinthu chimene sindinachiganizirepo.

"Ukudziwa kuti njinga ija ndinkaizunguliza pafupi ndi windo kuti bambo andione?" anatero. "Iwe unkabwera ndi mapazi a fumbi n'kukakhala m'chipinda chimene ine sindinkaloledwa. Ine sanandisenderepo nachesi ngakhale limodzi. Ndinkadana nawe koopsa."

Ndili mwana ndinkaona ngati wansanje pabanja ponse ndinali ine ndekha, ndiponso kuti bambo aakulu anandimana mwadala chinthu chaching'ono chimene akanatha kundigulira mosavuta. Lero ndikudziwa kuti munthu amene akanatha kugula sitolo yonse ya nsapato anaima pakati pa mabuku amene sankatha kuwawerenga, n'kundisankhira mphatso imene iye mwini ankailakalaka kuyambira ali mu Sitandade 4. Ine ndinaiyesa chipongwe, ndipo ndinawabwezera pamaso pa anthu.