Tsiku Limene Apongozi Anandiloza Chala M'chipatala

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, zinandionekera ine ndemwe, ndipo ku Kapondo kumene ndinakwatiwa alipo amene akuzikumbukabe. Inali nthawi yokumba mtedza, matipate atangoyamba kumene, pamene apongozi anga aamuna, nkhalamba yaulemu wake, anagwa pangolo n'kuthyoka mwendo. Amuna anga anali ku esiteti ya fodya, alamu anga aakazi onse akuti mtedza uwonongeka m'munda, ndiye wodikirira matenda kuchipatala ndinakhala ine, mpongozi. Inu munazionapo zoterezi?

Masiku awiri oyamba zinali bwino, kungoti madzi ankakana, phala n'kungolawa. Tsiku lachitatu, masanasana, munthu uja anasintha. Anayamba kutola tinthu tosaoneka pabulangete, akuti pawindo paima anthu odzawatenga, kenaka anandiloza chala, maso ali psuu, n'kukuwa wodi yonse ikumva kuti mkazi uyu sakumudziwa ndipo wathira mankhwala m'phala. Pakapita kanthawi ankakhala bwinobwino, mwadzidzidzi n'kuyambiranso.

Alamu aakulu atafika n'kuzimva, anandiyang'ana cham'mbali, nakanong'onezana ndi anzawo panja kuti bambo awo chibadwire sananamizirepo munthu. Anapangana zowathawitsa m'chipatala kupita nawo kwa sing'anga wa ku Zambia, ine ndikalongedze ndizipita kwathu. Kunena zoona nanenso ndinkawakayikira iwowo, nanga anakaniranji kudzadikirira bambo awo omwe?

Anandipulumutsa ndi nesi wina wachikulire amene anandifunsa kuti agogowa ataya madzi liti. Ndikanadziwa bwanji ine? Mpongozi n'kufunsa zimenezo? Atawapima anapeza thupi lauma, mkodzo watsekeka n'kuyambitsa matenda, ndipo anatiuza tonse, alamu ali pomwepo, kuti okalamba akatere mutu umasokonekera msanga, si misala, si kulodzedwa. Anawaika diripi ndi kapaipi ka mkodzo, n'kulamula kuti abwere mng'ono wa apongoziwo wamwamuna ndi magalasi awo amene tinawaiwala kumudzi, aziwamwetsa madzi ndi kuwakumbutsa tsiku ndi kumene ali.

Patatha masiku anayi apongozi anandifunsa mwaulemu ngati ana ali bwino kunyumba, osakumbuka kalikonse. Kwa mng'ono wawoyo ndi kumene anaulula kuti madzi ankakana dala, kuopa kuti angafune kukodza, ine mpongozi n'kuwagwirira botolo. Ndinalira.

Lero ndimakhulupirira kuti chimene chinatsala pang'ono kuwapha ndi manyazi, awo ndi anga omwe. Wokalamba wanu akasintha mwadzidzidzi m'chipatala, thamangirani kwa nesi musanayambe kusaka mfiti, ndipo musamusiyire womudikirira amene sangamuuze zakuchimbudzi, chifukwa mawu a wodwala amakhalitsa kuposa matendawo. Apongozi anadya za m'manja mwanga zaka zonse mpaka kumwalira kwawo, koma alamu aja mpaka lero akabwera kwanga amati akhuta.