Mikwingwirima Yopanda Wondimenya

Ufulu utangobwera m'dziko la eni lomwe tinapita kukagwirako ntchito, tinkakhala ku Njube, komboni ina ya mumzinda wa Amandebele, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Amuna anga ankanyamula zikopa zaziwisi za ng'ombe pa fakitale ina ku Donnington. Ovololo yawo inkabwera ndi nkhupakupa m'misoko, ndipo wochapa ndinali ine. Ina ndinadzaipeza itakhuta kuseri kwa bondo langa, ndinangoizula n'kuiwala.

Kenako thupi linayamba kutentha. Kuchipatala chaching'ono anati ndi malungo, koma mankhwala awo sanagwire. Ndikatsuka mano, m'kamwa munkadzaza magazi. M'mikono ndi m'ntchafu munatuluka mikwingwirima yakuda bii, chonsecho sindinagwe paliponse.

Mayi woyandikana nafe, Mndebele yemwe tinkaitanana kuti makhelwane, kutanthauza mnansi, anandigwira mkono pampopi.

"Hawu, makhelwane! Bambo wofatsa uja ndi amene akukuchita chonchi?"

"Sanandikhudze n'komwe," ndinatero.

Anangogwedeza mutu mondimvera chisoni. Posakhalitsa mzere wonse wa nyumba zathu unasiya kuyankha moni wa amuna anga.

Tsiku lomwe kamfuno anakana kuleka, anandigoneka kuchipatala chachikulu. Dokotala atayang'ana magazi anga anandifunsa ngati ndimakhala pafupi ndi ziweto. Anati kachilombo kochokera ku nkhupakupa kanalowa m'magazi, ndipo tizinthu tomwe timaumitsa magazi pabala tinatsala tochepa kwambiri.

Atanditulutsa anandiletsa mpeni, singano, nkhwangwa, ngakhale kukwera galimoto yodzaza, poti chigongono cha munthu chikanandivulaza. Anandiletsanso kubereka mwana wanga wamkazi, yemwe anali atangoyamba kukwawa. Ndinkangokhala pabedi kuyang'ana khoma. Ndikafuna kupita kuchimbudzi ndinkayenda ngati ndasenza mazira, kuopa ngodya ya tebulo. Panja sindinkatuluka, chifukwa aliyense ankayamba wandiyang'ana m'mikono asanandipatse moni. Kumudzi ku Dedza kunali kutali. Mayi anga sakanabwera.

Amuna anga akaweruka ankaphika okha, chitseko chili chotseka.

"Mayi a mwana, ndisiye ntchito ija?" anandifunsa tsiku lina.

"Mukasiya tidya chiyani?"

Sanasiye. Anangoyamba kuvulira kuseri kwa nyumba n'kumawiritsa okha ovololo m'chigoba.

Mwana ankaswera kwa makhelwane yemwe uja. Ndinkamumva akuseka kuseri kwa khoma, akuphunzira mawu ake oyamba m'Chindebele. Ndinachira nyengo yozizira ikutha. Nditapita kukamutenga, anakakamira siketi ya makhelwane n'kuyamba kulira. Ndinakhala pansi pakhonde pawo, kudikira kuti atonthole.