Taonga wa ku Kande, Mwana Amene Anamulira Ali Moyo

Okondedwa owerenga, ngati mwatopa ndi kugwa, khalani pansi mumve za Taonga.

Ali Sitandade 3 ku Kande, tsaya lake lakumanzere linayamba kutupa. Poyamba anthu ankati ndi dzino. Koma chotupacho chinakula mpaka diso linatsekeka, ndipo chakudya chinkakanika kulowa m'kamwa. Anzake anasiya kusewera naye. Amayi ena akabwera kudzamuona ankatuluka akupukuta misozi, ngati maliro achitika kale.

Mayi ake anali atamwalira iye ali khanda. Amene anatsala naye ndi bambo ake, a Killion, mlimi wa chinangwa amene sukulu anailekezera panjira. Achibale anawalangiza kuti asavutike ndi maulendo, angomusiya mwanayo apume pakhomo.

"Akapume kuchipatala," anayankha a Killion. "Ine mwana wopuma sindimulira."

Anamubereka kumbuyo ndi chitenje ngati mzimayi, nakwera naye minibasi. Kuchipatala chachikulu madokotala anati ndi khansa imene imagwira ana, ndipo mankhwala ake alipo. Mankhwalawo anali owawa. Taonga ankasanza, tsitsi lonse linathothoka. A Killion nawo anakameta mpala kuti afanane naye.

"Ada, mwanyansa," anatero Taonga kwa bambo akewo, akuseka koyamba chidwalireni.

Chotupa chinaphwa. Taonga anabwerera kusukulu ali wamkulu kuposa onse m'kalasi, wowonda, wosachedwa kutopa. Anakwawa choncho mpaka Folomu 4, koma mayeso atatuluka, anali atalephera masamu ndi sayansi. Anadzitsekera m'nyumba, nanena kuti basi, azikagulitsa usipa pamsewu.

A Killion anangomuyang'ana. "Chinthu chija chinkafuna kukudya nkhope unachigonjetsa. Lero ugonje ndi pepala?"

Anabwereza kalasi ku Chintheche. M'mawa ankathandiza bambo ake kuvuula chinangwa m'madzi, kenako n'kupalasa njinga kupita kusukulu manja akununkhabe. Ulendo uno anakhoza bwino, nasankhidwa kupita kuyunivesite. Atamaliza anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku South Africa.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi matelomiya. Mwina mukudabwa kuti n'chiyani. Thupi lathu ndi lopangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'selo lililonse muli timaulusi tosunga chibadwa cha munthu, ndipo kunsonga kwa timaulusito kuli zotetezera kuti tisamasuke, monga momwe msodzi amawotchera nsonga ya chingwe cha ukonde. Zotetezerazo ndiye matelomiya. Selo likagawikana, amafupika pang'ono. Akafupika kwambiri, selo limasiya kugawikana, ndipo iyi ndi mbali imodzi ya kukalamba. Koma maselo ambiri a khansa ndi akathyali: amatalikitsanso matelomiya awo n'kumangochulukana osalekeza.

Taonga anasankha kufufuza maselo a m'mafuta a m'mafupa, amene amabereka magazi atsopano moyo wonse wa munthu. Funso lake linali lakuti: mwana akachira khansa, mankhwala amphamvu aja amawasiya bwanji maselo amenewa?

Tsiku lina anapempha mnzake kuti amutenge magazi, ayeze matelomiya ake omwe. Zotsatira zinatuluka. Matelomiya ake anali aafupi ngati a mayi wachikulire, pamene iye anali asanakwanitse n'komwe zaka makumi atatu. Kwa masabata angapo sanaponde kuntchito. Potsiriza anaimbira foni kumudzi.

"Ada, magazi anga akalamba kuposa ine," anatero akulira.

A Killion anamufunsa kuti, "Ndiye makina akowo anena tsiku loti ufe?"

"Ayi, Ada, sanena zimenezo. Angoonetsa kuti ndiyenera kusamala."

"Nanga ukulira chiyani, mwana wanga? Iwe wadziwa, usamala. Anzako amene unagonekedwa nawo m'chipatala muja adziwa bwanji ngati iwe wakhala pansi?"

Mawa lake Taonga anavala gawuni lake loyera, nabwerera kuntchito. Kafukufukuyo sanayende mosalala. Ulendo wina maselo amene anawasamala kwa miyezi yambiri anachita nkhungu, onse n'kutayidwa. Anayambiranso. Lipoti lake loyamba akatswiri analibweza kuti umboni ndi wochepa. Anawonjezera umboni, natumizanso, mpaka linalandiridwa ndipo iye anatchedwa Dokotala.

Ntchito zabwino zinamupeza konko, koma anabwerera kudziko lakwawo. Lero amagwira ntchito limodzi ndi madokotala amene amalondola ana ochira khansa, kuti vuto la magazi likayamba lidziwike msanga. Sanena kuti wapeza mankhwala a ukalamba kapena a khansa. Amangoti tsiku lililonse amadziwako kanthu kamene dzulo sankakadziwa.

Loweruka lililonse akapeza mpata amapita ku Kande. A Killion tsopano ali ndi imvi mutu wonse, ndipo pamsika wa Chintheche palibe amene sanamve kuti mwana wawo "amayeza ukalamba ndi makina." Tsiku lina Taonga anawapeza kumunda akuzula chinangwa, akupuma movutikira.

"Ada, bwanji ndikutengeni magazi, tione matelomiya anu?"

A Killion anaponya khasu pansi, nabisa mkono kumbuyo ngati kamwana koopa jekeseni. "Anga asiye choncho! Ndikangomva kuti afupika ndiyamba kuyenda ndi ndodo. Mundawu alime ndani?"

Taonga anaseka mpaka kukhala pansi pamzere. Kenako anatola khasu lija, namaliza yekha mzere umene unatsala, bambo ake atakhala pamthunzi akumulondolera pogwira.

Inu amene mukuwerenga, mwina dokotala wakuuzani mawu olemera, mwina dzina lanu silinatuluke pa mayeso, mwina ntchito imene mwaikhetsera thukuta yaonongeka m'manja mwanu. Lirani, kulira si mlandu. Koma mukapukuta misozi, dzukani mukayambirenso. Ndipo ngati pafupi nanu pali wina amene wakhala pansi, khalani inu munthu womuimiritsa. Musataye mtima, abale anga. Mudakali ndi mpweya, nkhani yanu sinathe.