Solange wa Galimoto ya Tsache

Solange Mougel sanapalasepo njinga kupitirira pasitolo ya buledi, koma m'chigwa chino cha kumapiri a Vosges palibe wopalasa amene sadziwa kutsokomola kwa injini ya galimoto yake. Chaka ndi chaka, nyengo yotentha ikafika pachimake, kalabu ya njinga ya kuno imachititsa mpikisano wozungulira nyanja zitatu. Anthu amanyamuka m'mawa pabwalo la tchalitchi, n'kulowa m'nkhalango ya boma, kukwera, kutsika, kukweranso mpaka miyendo itakana. Pambuyo pa onse pamabwera galimoto yokhala ndi tsache lomangirira padenga, yotola otopa, ovulala, ndi aja anadzinamiza kunyumba kuti adakali anyamata. Woyendetsa wake anali Solange.

Sanabadwe waukali ayi. Atangosiya sukulu analowa ntchito m'fakitale yoomba nsalu, momwe amayi ake anagonthera makutu, ndipo m'phokoso lija anaphunzira kulankhula mwachidule ndiponso mokweza. Fakitale itatsekedwa anayamba kuyendetsa kabasi ka ana asukulu. Anakwatiwa ndi Fernand, wodula mitengo m'nkhalango ya boma, munthu wowonda ngati bango, wosalankhulalankhula, amene Lamlungu lililonse ankalawirira kukapalasa. Solange ankati analowa mitala, ndipo mkazi wamkulu anali njinga. Mwana sanabwere m'nyumbamo. Anadikira, kenaka analeka kuzikamba. Za tsachezi anazilowa poganiza kuti mwina azionako mwamuna wake Lamlungu, koma analemba m'madzi. Fernand ankakhala kutsogolo, iye n'kumasesa amuna a eni.

Malamulo a tsache ndi ochepa. Silidutsa munthu amene adakali ndi nambala pamsana. Wina akatsalira mopitirira, woyendetsa amatsika n'kumumasula nambalayo. Akafuna akwere, akapanda kufuna atsale yekha pamsewu ngati wapaulendo wamba. Ndipo anthu aja amaima pamphambano ndi timbendera kuimitsa magalimoto, ambiri a iwo nkhalamba zopuma pantchito, sachoka mpaka ataona tsache likudutsa. N'chifukwa chake Solange sankanyengerera munthu.

"Bambo, akazi anu akudikirani mpaka akwatiwanso. Kwerani."

"Ndangotsala pang'ono kupeza mphamvu, mayi."

"Muipeza m'kati muno. Ndi momwe anzanu anaisiya."

Amuna akuluakulu, aphunzitsi ndi madokotala a mano, ankakwera atazyolika ngati ana ogwidwa akuba shuga. Ena ankalira. Solange ankawapatsa madzi ndi kachidutswa ka tchizi osawayang'ana kumaso, ndipo kusawayang'anako ndiko kunali chifundo chake.

Fernand anali asanakwerepo. Anamalizapo mpikisano phewa litathyoka, anamalizaponso matalala akumuboola nkhope. Sikuti anali katswiri woopsa. Chikho chimodzi chimene anapata ali mnyamata ankasungiramo misomali. Koma munthu sakhala wopanda chake, ndipo chake cha Fernand chinali mawu omwe anzake ankanena pomwera khofi, akuti Fernand uja sanalawepo tsache. Iye ankangosuzumira m'kapu ngati sakumva, makutu ali tcheru.

Mtima unamugwira kumapeto kwa nyengo yozizira, akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba. Solange anamupeza atagwada m'chipale chofewa, nkhwangwa ili poteropo. Kuchipatala cha mumzinda anamung'amba pachifuwa n'kumusoka, ndipo pomutulutsa dokotala sanapite m'mbali. Njinga inde, koma pachidikha, m'mbali mwa nyanja, pang'onopang'ono. Zitunda aiwale. Fernand anavomera msangamsanga, monga amavomerera munthu amene wasankha kale zake.

Sabata ya mpikisano Solange anamupeza pakhonde akuthira mafuta tcheni, nambala ili pampando.

"Nambalayo ndi ya yani?"

"Yangogwa kumwamba."

"Musandiyese mwana, a Fernand. Adokotala anati chiyani?"

"Khoma lija adokotala amalionera pawindo la galimoto."

Khoma ndi chitunda chotsiriza, chimene chimayambira panyanja yachitatu n'kukwera mokhotakhota mpaka pamwamba pa nkhalango.

"Ulusi umene anakusokerani si waya, madala inu. Mukufuna ndivale zakuda chaka chomwechi?"

Fernand anapukuta manja pansanza. "Ndikupempheni chimodzi, mayi. Tsiku limenelo sindinu mkazi wanga, ndinu tsache. Ndikatsalira mundimasule nambala, mudutse, muzipita monga mumachitira ndi aliyense. Koma m'galimoto mwanumo ine sindilowa."

Solange analowa kukakazinga mbatata ndi nyama yankhumba, ndipo zinapserera ali chiimire pomwepo.

Tsiku la mpikisano kunacha kopanda kamtambo. Pofika masana phula linali litayamba kumata kumatayala. Solange anali atatola kale amuna atatu pamene anakhota panyanja yachitatu n'kuona wopalasa mmodzi patsogolo, yekhayekha, wa jezi yobiriwira yofwifwa. Zaka zonsezi anali asanaonepo msana wa mwamuna wake kuchokera pachiwongolero. Anadabwa kuti ndi waung'ono chotero.

Kwa zaka zingapo tizilombo tofukula makungwa tinali tikupha mitengo ya paini, ndipo boma linalamula kuti yodwala yonse idulidwe. Khoma analimeta m'miyezi yomwe Fernand anali gone. Chitunda chimene anachikwera moyo wake wonse mumthunzi wa bii, fungo la utomoni lili m'mphuno, chinatsala mbee, zitsa zokhazokha. Nkhaniyi anaimva ndithu, si munthu wa m'nkhalango iye? Koma miyendo yake inkakumbukira Khoma lakale, ndipo ananyamula botolo limodzi lokha monga mwa masiku onse, podalira kasupe wa pakati pa chitunda.

Foni inalira. Anali Gilbert Valdenaire, wapampando wa kalabu.

"A Solange, muli pati? Anthu akupsa pamphambano. Mkulu uja wa pamlatho wakhala pansi, akuti mutu ukuzungulira."

"Ndikubwera."

"Watsala ndani?"

Solange anayang'ana jezi yobiriwira ija patsogolo pake.

"Ndi Fernand, eti? Pepani, mayi. Koma lamulo mukulidziwa kuposa ine."

"Ndiye musandiphunzitse."

Anagwira njakata. Kumumasula nambala n'kudutsa kunali kumusiya yekha padzuwa, pachitunda chopanda nyumba ngakhale imodzi, ndi mtima wosokasoka. Kumutsata pambuyo kunali kumuonerera akudzipha, uku nkhalamba za timbendera zikukomoka. Ndipo kukwera anali atanena kale kuti sakwera. Solange anachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo ngakhale tsiku lija la nkhwangwa.

Fernand anayamba kudula msewu, uku ndi uku, monga amachitira othedwa. Thukuta linali litasiya kutuluka, khosi lili gwa ngati chikopa chowamba. Solange anayandikira n'kutsitsa windo.

"Madala, zakwana. Mwaonetsa kale."

"Tsache silicheza ndi opalasa."

"Tsache ili limakuchapirani makabudula. Imani."

Fernand anangowerama n'kuponda. Njinga inkayenda mwa dzina lokha, woyenda pansi akanaipitirira. M'mbuyo mwa galimoto mkulu wina wamimba wochokera mumzinda, amene anakwera kalekale pachitunda choyamba, anasendera kutsogolo.

"Mayi, madalawa milomo yada. Ine ndikuona ngati..."

"Inu munafika pati? Khalani pansi."

Pakasupe Fernand anaima. Anatsamiritsa njinga pachomwera madzi cha mtengo wogoba, n'kutchera botolo kukamwa kwa paipi. Anadikira. Sipanagwe ngakhale dontho, kasupe anapita pamodzi ndi mitengo. Anaima chomwecho, botolo lili m'manja, ngati munthu wogogoda panyumba imene eni ake anasamuka.

Solange anatsika ndi madzi. Fernand analandira, namwa, ena akutayikira pachibwano. Dzanja lina linali m'kati mwa jezi, likusisita pachipsera.

"Chikupweteka?"

"Ndi mpweya chabe."

"Bodza."

"Kwatsala makhota anayi, Solange. Ndimawadziwa ngati zala zangazi. Anthu akudikira, chitani ntchito yanu." Anatembenuka n'kumupatsa msana kuti amasule mapini a nambala. Anaima mowongoka, manja m'chiuno, akuyang'ana kumwamba kwa chitunda. Ankamukhulupirira mkazi wake.

Solange anayang'ana msana uja, kenaka njinga. Mawilo akutsogolo anali atachotsa osawerengeka m'moyo wake, chifukwa njinga sizikwana m'galimoto zili ndi mawilo onse. Manja anachita okha. Anatsegula kachitsulo kogwira wilo, n'kulikoka, n'kupita nalo m'mphepete mwa msewu. Analiponya ndi mphamvu zonse za mkazi amene ananyamulapo mitolo ya nsalu.

Wilo linagunda chitsa n'kujowa, linagundanso china, likung'anima padzuwa, likutsika phompho lometedwa lija kulunjika kunyanja, mpaka linazimirira m'minga.

Fernand anacheuka. Anayang'ana njinga itagwada pansi ngati mbuzi yomwa madzi. Anayang'ana kuphompho. Sanakalipe.

"Mwachita chiyani, Solange?"

"Kwerani."

Fernand anatola njinga ija n'kuiika paphewa. Anayamba kukwera wapansi, nsapato zopalasira zikulira kho, kho, paphula. Sanafike pakhota. Maondo anapinda, nakhala pansi pakati pa msewu, njinga ili pamwamba pake. Mkulu wamimba uja ndi mnzake anatsika, namugwira m'khwapa, namulowetsa m'galimoto miyendo ikukwekwereza. Anamukhazika pampando wam'mbuyo. Ulendo wonse wotsika, pamphambano iliyonse nkhalamba zinkapinda timbendera, n'kusuzumira m'galimoto, n'kuyang'ana kumbali.

Pabwalo la tchalitchi anthu anali adakalipo, akumwa mowa ndi kudya zitumbuwa za zipatso zakutchire. Ataona Fernand akutsika m'galimoto ya tsache anayamba kuomba m'manja. Ankatero mwaulemu, ndi mtima wabwino, ena misozi ili m'maso. Akanamuseka bwenzi atawatukwana n'kupepukidwa. Koma m'manja muja munali mwa pamaliro, ndipo iye anamva.

Anagona masiku angapo kuchipatala. Solange anamutsekereza dokotala m'khonde n'kumufunsa maso ndi maso ngati mwamuna wake akanafa akanapitiriza. Ankafuna liwu limodzi loti azikagona nalo. Dokotala anatambasula manja. Mwina, mwinanso ayi, mtima wa munthu sulonjeza. Solange anabwerera chimanjamanja.

Fernand ali moyo mpaka lero. Amamwa mankhwala pa nthawi yake, amadya chimene wapatsidwa, mchere wochepa ndi zonse. Sanamunenepo mkazi wake liwu loipa. Akamupatsa supu amati zikomo, akamuyalira amati zikomo, monga mlendo wogona pa eni. Kumalo omwera khofi analeka kupita. Gilbert anabwera ndi wilo latsopano, mphatso ya kalabu, ndipo Fernand anathokoza bwinobwino n'kumuuza kuti akapatse wina amene akupalasa. Njinga anaikoloweka m'shedi momwemo, yopanda mwendo. Lamlungu m'mawa, anzake akamadutsa pamsewu matcheni akulira, amakhala m'khitchini atafulatira windo. Zoseka zija, za mitala ndi zamakabudula, zinatha psiti. Solange, amene pakamwa pake sipankauma, anasowa wolimbana naye, ndipo nyumba inazizira.

Masamba atayamba kuyoyoka, anakwera yekha ku Khoma. Anasiya galimoto pakasupe wouma n'kutsika phompho chokhala, akugwira zitsa, minga ikumung'amba miyendo. Mayi wa imvi, kukwawa m'tchire kufuna chitsulo. Anadzitukwana njira yonse. Wilo lija analipeza kumunsi, pafupi ndi madzi, litapindika, masipoko ena atathyoka, dzimbiri litayamba kale. Analikumbatira pokwera ngati kanthu kamoyo. M'mutu mwake ankati mwina Fernand akaliona akalipa, amutukwane, aswe mbale. Chilichonse chikanakhala bwino kuposa zikomo uja.

Kunyumba anamupeza Fernand atakhala pamalo pake. Anaika wilo patebulo, matope ndi masamba zikugwera pansalu.

"Nali. Liwongoleni, manja muli nawo. Kapena ndimenyeni nalo, zithe."

Fernand analiyang'ana nthawi yaitali. Anatambasula chala n'kukhudza sipoko imodzi, kenaka anabweza dzanja. Anaona magazi pamiyendo ya mkazi wake.

"Mwadzipweteka, mayi. Mukatsuke msanga."

"Ndati nali wilo lanu, a Fernand."

"Ndaliona. Mwatola wilo lokha." Analankhula mofatsa, wopanda mkwiyo n'komwe. "Mwini wake munamusiya komweko."

Solange anakhala pansi. Ankadziwa kuti atamubwezera pakasupe paja akanaliponyanso, ndipo kudziwako sikunamutonthoze ngakhale pang'ono. Anali ndi mwamuna wamoyo m'nyumba, ndipo anamusowa koopsa. Patapita kanthawi ananyamuka, nachotsa wilo patebulo, nayala mbale ziwiri.