Dzina Lodikira Kazitape Watsopano

Mwana wanga anakhala masabata asanu ndi limodzi wopanda dzina, ndipo chifukwa chake ndimachita nacho manyazi mpaka pano. Sikuti pachibale panali mkangano ayi. Tinkadikira azungu ena akunja kuti asankhe munthu woti azisewera kazitape mufilimu.

Zinayamba ndi apongozi anga aamuna, telala wopuma ntchito wa ku Chilomoni. Ali mnyamata ankayenda wapansi mpaka m'tauni kukaonera mafilimu a kazitape wina wa ku Ulaya, uja savula suti ngakhale akuthamangitsana ndi zigawenga padenga. Iwo amati chinawakopa poyamba si mfuti kapena magalimoto, koma kasokedwe ka jekete. Mafilimuwo akhala akutuluka kuyambira kalekale, ndipo kazitapeyo sakalamba. Wosewerayo, amene kuno timangoti akita, akakula amamuchotsa n'kuikapo wina, kazitape n'kukhala yemweyo. Mwana wawo woyamba atabadwa, apongozi anamupatsa dzina la akita wa nthawi imeneyo. Atabadwa amuna anga, akita anali atasintha, ndiye iwo anatenga la watsopanoyo. Basi unasanduka mwambo wa pabanja.

Ndinaimva nkhaniyi tili pachibwenzi, ndinaseka mpaka misozi. Sindinaganize kuti idzandipeza pakhomo panga.

Mwana wathu atagwa mchombo, apongozi anakwera minibasi kubwera kwathu ku Ndirande, atavala jekete yosoka okha. Ndinagwada n'kuwapatsira mwana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ine makutu ali tcheru kudikira dzina.

"Amayi," anatero, "mwanayu wafika nthawi yovuta. Pampando palibe munthu."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anafotokoza kuti akita amene analipo anasiya, ndipo eni mafilimu sanalengeze wolowa m'malo.

"Bwanji osangom'patsa la amene wasiyayo?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Iwe, ameneyo anafa mufilimu yomaliza. Mwana ayambe moyo ndi dzina la pamaliro?" anatero amuna anga.

"Anafa ndi akita kapena kazitape?"

"Kazitape."

"Nanga akusakiranji wina, poti munthuyo anafa?"

"Abweranso."

"Wakufayo?"

"Osati wakufayo. Koma ndi yemweyo."

Ine ndinakula ndikumva anyamata otuluka kuvidiyo akunena kuti akita safa. Tsopano ndinkauzidwa kuti anafa, kuti sanafe, komanso kuti mwana wanga adikire. Apongozi anandibwezera mwana n'kunena kuti ndisadandaule, alengeza sabata yomweyo kapena ya mawa lake.

Sanalengeze.

Amuna anga amawotcherera zitsulo ku Chirimba. Akaweruka ankafika maso ali psuu, n'kukhala pakhonde ndi foni. Ali pa gulu lina la pafoni la anthu okonda mafilimu amenewa, muli anthu a ku Bangwe, a ku Zingwangwa, ena ali ku Joni. Tsiku lililonse pankabwera mphekesera yatsopano. Lero akuti asankha wamtali uja, mawa akuti ayi ndi wamkulu kwambiri, mkuja akuti nthawi yakwana yoti akhale munthu wakuda, gulu lonse n'kuyaka moto. Lamulungu tikatuluka kutchalitchi apongozi ankabwera, mkangano n'kuchoka mufoni kufika pakhonde.

"Adadi, ameneyo sangathamange, taonani miyendoyo!"

"Kuthamanga amaphunzira. Iwe yang'ana mapewa. Munthu wopanda mapewa suti imamukhala ngati yobwereka."

Ine ndinkakhala kuseri ndikuchapa matewera, kapena m'nyumba ndikuyamwitsa. Ndivomereze kuti sindinkatsatira. Ndinali ndi tulo tosatha, mutu uli zii, ndipo zimene zinkandifika zinali mayina okha, akuuluka kudutsa pawindo. Panali dzina limodzi limene linkamveka kuposa onse. Ankalitchula mokweza, nthawi zina mpaka kumenya tebulo.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti kuno mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake. Anzanga onse a pampopi ndi make uje, make uje. Ine ndinali make khanda. Poyamba zinali zachikondi, koma pofika sabata yachinayi mayi wina wogulitsa mandasi anandifunsa pamzere wa madzi, "Kodi asisi, mwanayu mukufuna kukam'bweza kusitolo? Mwamusiya osamulemba chonchi." Onse anaseka, inenso ndinaseka, kenako ndinakalirira kubafa.

Tsiku lina mwana anatentha thupi pang'ono. Ndinagwada kuti ndimupempherere, ndipo nditafika poti ndimutchule ndinakakamira. Ndinangoti, "Ambuye, uyu, mukumudziwa." Kutenthako kunatha mawa lake, koma mantha sanathe. Ndinaimbira mayi anga kumudzi, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iwo anati, "Mwana woyamba amatchula ndi akuchimuna. Usalowerere, udzanyozetsa ife."

Ndiye ndinakhala chete. Koma ine ndili ndi setifiketi ya ulembi ya ku koleji, ndipo chimene anatikhomerera m'mutu zaka ziwiri zonse n'chakuti fomu siisiyidwa ndi mpata. M'buku la kusikelo la mwana wanga, mzere woyamba weniweni unali wosalemba. Ndikalitsegula ndinkamva ngati ndalephera mayeso.

Linafika tsiku la katemera. Ndinalawira m'mawa, mwana kumbuyo, n'kukakhala pabenchi ndi amayi ena ambirimbiri. Tinaimba nyimbo za kusikelo, tinamvera uphungu wa kuyamwitsa, kenako mzere unayamba kuyenda. Nditafika patebulo, anamwino anatsegula buku n'kuima.

"Dzina la mwana?"

"Sitinam'patse."

Anakweza mutu. "Masabata sikisi, mayi? Bambo ake anathawa?"

"Ayi, alipo."

"Nanga akudikira chiyani?"

Kumbuyo kwanga benchi yonse inatchera khutu, kudikira yankho. Ndikananena chiyani? Kuti tikudikira kazitape amene anafa koma akubweranso? Bolopeni inali m'mwamba, mwana anayamba kulira. M'mutu mwanga munabwera dzina lija ndinkalimva tsiku ndi tsiku pakhonde. Ndinaganiza mwachangu kuti poti ndi limene amalitchula kwambiri, ndiye kuti mwini wakeyo ndi amene akutsogola, ndipo ndikalinena ndikhala ndangofulumiza zimene apongozi akananena okha. Ndinalitchula.

"Litchuleni chilembo ndi chilembo."

Ndinatero osaphonya, poti ndinali nditaliona kambirimbiri pafoni ya amuna anga. Anamwino analemba, mwana anabayidwa, ndipo ndinatsika mtunda wa kwathu ndikumva kupepuka koyamba chibadwire mwanayo. M'njira ndinamuitana kawiri. Sanayankhe, komabe.

Madzulo amuna anga atafika ndinawapatsa buku ndisanawapatse madzi osamba. Anawerenga. Anawerenganso, milomo ikuyenda.

"Iwe! Ameneyu?"

"Si amene mumamutchula tsiku lililonse?"

"Timamutchula pomukana!"

Anakhala pasitepe, nsapato za kuntchito zili kumapazi. Anati munthu ameneyo ndi amene iwo akhala akulimbana naye pagulu chiyambire. Nkhope yake akuti ndi ya wophunzitsa kwaya, sangaopseze ngakhale nkhuku. Anali atalumbira pamaso pa gulu lonse kuti akadzasankhidwa ameneyo, iwo adzasiya kuonera mafilimuwo mpaka imfa.

"Tifufute," anatero.

"Buku la chipatala safufuta. Ndipo ndamuitana kale."

Masiku atatu otsatira tinkalankhulana za mchere ndi sopo basi. Koma amene ndinkawaopa kwenikweni anali apongozi. Ndinali nditawalanda udindo wawo, pamaso pa anthu achilendo, n'kuupereka kwa munthu amene iwonso ankamukana. Mawu a mayi anga ankangobwerera m'makutu.

Lamulungu anabwera monga mwa masiku onse. Sindinadikire kuti amve kwa wina. Ndinagwada pakhonde, buku m'manja awiri, n'kufotokoza zonse, za pampopi, za pemphero lija, za bolopeni ya anamwino. Zina ndinazinena kawiri.

Anavala magalasi n'kuwerenga. Kenako anatambasulira dzanja kwa mwana wawo.

"Tandipatsa foniyo. Ndimuonenso."

Amuna anga anawapezera chithunzi. Apongozi anachikuza ndi zala ziwiri, osati pankhope, koma pamapewa. Anapendeketsa mutu ngati akuyeza kasitomala.

"Mapewa ali nawo," anatero. "Jekete ingamukhale. Bola adule manja pang'ono."

"Adadi! Sabata yatha munkati akuoneka ngati wabwereka thupi!"

"Sabata yatha sanali mdzukulu wanga."

Anatembenukira kwa ine. "Koma amayi, ulendo wina muzifunsa." Sananene moseka, ndipo ndinamva kuti chinawapweteka. Kenako ananyamula mwana, n'kumuitana ndi dzinalo katatu, pang'onopang'ono, ngati akuliyesa ngati likumukwana.

Sabata yomweyo ndinamva amuna anga akujambula mawu otumiza pagulu, akunena kuti anthu sakumumvetsa mnyamata ameneyu, kazitape weniweni amafunika nkhope yoti adani asamuganizire. Anzawo anawaseka koopsa. Wina wa ku Machinjiri anafunsa ngati foni yabedwa. Iwo sanabwerere m'mbuyo, ndipo mpaka lero ndi okhawo pagulupo amene amamuikira kumbuyo.

Pampopi tsopano ndili ndi dzina, ngakhale amayi ambiri amalipinda mwa njira yawo. Mwana wamera mano, akuimirira ndi mipando. Eni mafilimu aja sanalengezebe.

Chodabwitsa n'chakuti tsopano wofunsa ndine. Amuna anga asanavule n'komwe nsapato ndimakhala nditafunsa kale, "Alengeza?" Ndikamva mphekesera yoti akufuna wina, chakudya sichilowa. Akadzasankha wina, ndidzamuuza chiyani mwanayu akadzakula? Abambo ake ndi abambo ake aakulu ali ndi mayina a anthu amene anakhaladi pampando. Iye adzakhala ndi la munthu amene anangotchulidwa pakhonde ku Ndirande, pomukana. Apongozi amati zimenezo tidzaona zikadzafika. Ine sindidziwa kudikira choncho.

Za kufa n'kubweranso zija sindikuzimvetsabe, ndinasiya kufunsa. Koma tsiku lina mwana atagona masana, ndinatenga foni imene amuna anga anaiiwala patchaja, n'kutsegula chithunzi chija. Ndinachikuza ndi zala ziwiri monga anachitira apongozi. Sindidziwa chimene telala amaona. Ndinayang'ana mapewa a mzunguyo, ndinayang'ana timapewa ta mwana wanga pamphasa, n'kubwereranso pachithunzi, mpaka madzi amene ndinatereka anaphwera pambaula.