Jesinta Akapepesa Maliro ku Holandi

Jesinta, mwana wa a Misheck a ku Kabwazi, sanabadwe wokhala pansi. Ali wamng'ono, akamutuma kukagulitsa mbatata ya kachewere pa Chimbiya, maso sankakhala pa ndowa ayi, ankatsata minibasi zopita ku Lilongwe mpaka ogula kumadzisankhira okha. Mwamwayi sukulu inamuyanja. Anaphunzira za matenda a mbewu, ndipo mbatata yomwe ankainyoza ija ndi imene inamukweza ndege kupita ku Holandi. Kumeneko ankagwira ntchito m'labotale ya kampani ina, kuyeza mbewu ya mbatata ngati ili ndi matenda isanatumizidwe kumayiko ena.

Pantchitopo panali mitundu yosiyanasiyana, Afilipino, Amwenye, eni dziko, ndipo onse ankamukonda. Koma mtima wake unali m'mwamba. Kumudzi bambo ake ankangodwaladwala, moti foni ikalira ankadzidzimuka ngati waponda moto. Abwana ake, a Pieter, anali atamupempha kuti awonjezere zaka zina, iye n'kumangozengereza. Chimene chinkamudya chinali chimodzi: uthenga woipa ukadzamupeza kuno, adzalira ndi ndani?

Tsiku lina m'mawa kunamveka zoti Marieke, mayi wachidatchi amene Jesinta ankakhala naye tebulo limodzi, mayi ake amwalira. Anthu anapukusa mitu, nasayina khadi, aliyense n'kubwerera pa makina ake. Jesinta anadikira, anadikira, mpaka anafunsa.

"Tinyamuka nthawi yanji?"

"Kupita kuti?" anatero a Pieter.

"Kumaliro."

Anamufotokozera mofatsa kuti mwambo udzachitika sabata yamawa, wa achibale ndi oitanidwa okha. Maliro oitanira! Kwawo uthenga ukangomveka, makasu amasiyidwa m'mizere momwemo, amayi a mphakati amakhala atayamba kale nyimbo, ndipo ngakhale amene munakangana naye dzulo amabwera kudzagona pasiwa. Jesinta anaona kuti anzakewa akungochita manyazi, pafunika wina ayambe.

Ataweruka anagula buledi ndi shuga, anamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, duku kumutu, n'kupalasa njinga mpaka kwa Marieke. Pamsewu panalibe masamba, pakhomo panalibe munthu, chitseko chotseka. Marieke anatsegula maso ali psuu. Jesinta anavula nsapato, analambalala mpando, nakhala pansi chotsamira khoma, miyendo atatambasula.

"Pepani. Pepani ndithu."

Anaweramitsa mutu, monga amachitira munthu woleredwa bwino. Marieke anangoima pakati pa nyumba yake yomwe ngati mlendo.

"Kodi kwavuta china ku labotale?"

"Ayi, ndabwera kudzakhala nanu."

"Mpaka liti?"

"Mpaka tiike."

Marieke analowa kukhitchini, nabwera ndi khofi. Namfedwa kuphikira wodzapepesa! Jesinta anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi. Anafuna kudzuka akatsuke mbale, mbale zinali zoyera kale. Anafuna kuyambitsa nyimbo, koma woyankha analipo ndani? Anangokhala, kapu ikuzizira m'manja.

Kenako Marieke anagwada pambali pake namugwira dzanja.

"Jesinta, uli ndi mtima wabwino, sindidzaiwala. Koma ndikufuna kukhala ndekha. Anzathu aja andimvetsa, n'chifukwa chake sanabwere. Nawenso zikadzakugwera usadzadandaule, palibe amene adzakuvutitse. Tidzakupatsa mpata wonse."

Ananena ndi chikondi chenicheni, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri. Akanamuthamangitsa mwachipongwe, bwenzi atangoti ndi munthu woipa, n'kuiwala. Pobwerera njinga sanaikwere, anangoikankha m'mbali mwa ngalande, mphepo ikumenya chitenje. Anaimbira kumudzi. Anayankha ndi bambo ake, mawu ali apansipansi, kumbuyo kukumveka azakhali ndi anthu ena obwera kudzazonda akukangana za mankhwala. Phokoso limenelo, limene kale linkamutopetsa, analimvetsera mpaka foni inaduka.

Kutacha anagogoda pa ofesi ya a Pieter nawauza kuti zaka zija sawonjezera. Iwo anavula magalasi, akuoneka okhumudwa zedi.

"Wina wakulakwira? Tiuze, tikonza."

"Palibe, bwana. Nonse mwandisunga bwino," anatero Jesinta. "Kungoti bambo anga akudwala, ndipo ine kulira ndekha sindingathe."