Mbale ya Galamafoni Imene Ndinadya

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Simawo, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la chitsulo chotentha ndi utsi wa makala a pambaula, ndipo m'makutu mumalira kanyundo kawo, kamene kankayamba mame asanakamuke m'mapiri a ku Zóbuè n'kumalirabe mpaka nkhuku kulowa. Tinali titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, mudzi wonse uli mabwinja ndi tchire, ndipo agogo ankatidyetsa ndi zitini za mafuta zimene tinachoka nazo ku kampu. Ankazidula, kuzipinda, n'kukhomamo makoloboyi, mafanelo ndi timakapu. Koma kukhoma kwawo sikunali ngati kwa okhoma zidebe ena ayi. Kanyundo kankagunda kawiri pakati, kamodzi m'mbali, phazi likuvomereza pansi, moti amayi opita kumadzi ankadutsa pakhomo pathu ziuno zikugwedera zokha eni ake osadziwa.

"Akazi anga, tabwerani mundigwirire apa," ankatero kwa ine, monga mmene agogo amasekera ndi adzukulu awo aakazi. Ndinkapita, ndinkagwira, koma sindinkayankha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo chibadwire ndinali ndisanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe. Kumva ndinkamva bwinobwino, ngakhale miseche ya pamtondo. Ana anzanga ankanditcha Kachete, ndipo zinkandiwawa koopsa.

Nkhani zawo agogo ankandiuza ine, ati mkazi wabwino ndi wosaulula. Ali mnyamata anayenda wapansi mpaka ku mzinda wa Sozibele, n'kukapeza ntchito yotsuka mbale mu hotela, ndipo kumeneko anaphunzira kuliza saksofoni, chitoliro chachitsulo chopindika chija. Atabwerera ku Moatize anasonkhanitsa anzawo asanu, ena a kunjanji ena a kumgodi, n'kuyambitsa gulu la jazi limene analitcha Anyamata a Malasha. Tangoganizani, m'tauni ya fumbi lakuda bii, iwo ankavala masuti oyera mbee! Loweruka kukakhala bayile, dansi ya anthu awiriawiri ija, anthu a ku Benga ankawoloka mtsinje wa Revubué nsapato zili pamutu kuti zikafike zouma. Agogo ndiwo anali mtsogoleri. Ankati nyimbo sankayilamula ndi dzanja koma ndi nsidze: akakweza, wa banjo alowe; akatsitsa, onse atsike.

Kenako anawatengera ku Sozibele konkuja kukajambula nyimbo. Ankafotokoza chipinda chokhomedwa mabulangete m'makoma, choyankhulira chimodzi pakati, ndi kanyale kofiira. Kakayaka, palibe kutsokomola. Wina akalakwitsa, nonse muyambirenso. "Mphindi zitatu zokha, akazi anga," ankatero, "koma thukuta lake ngati walima ndime ziwiri." Anajambula mbale zitatu za galamafoni. Ziwiri zinapsa pamodzi ndi saksofoni tsiku limene anatiwotchera nyumba. Yachitatu anathawa nayo, atayikulunga m'kapulana, chitenje cha malemu agogo aakazi, n'kuyiika pakati pa malichero awiri omangidwa ndi luzi. Amayi anga ankadandaula mpaka kalekale kuti anthu ena anathawa ndi mabulangete, bambo awo anathawa ndi nyimbo. Galamafoni yoti n'kuyimbira kunalibe, ku kampu kapena kumudzi. Lamulungu lililonse agogo ankangoyimasula mbaleyo, kuyipukuta ndi kansalu, kuyiyang'ana padzuwa pang'ono, n'kuyimanganso.

Za pakamwa panga amayi anali atayesa zonse. Ku chipatala anati lilime lili bwino. Asing'anga ananditema mphini pansi pa chibwano. Ku tchalitchi anandipempherera. Chimene chinawathyola mtima n'chakuti atanditengera ku shikola kukandilembetsa, aphunzitsi anati mwana wosatchula dzina lake abwere akadzayamba kuyankhula. Tsiku lomwelo mayi wina wogulitsa nsomba zouma anawauza mankhwala amene anthu a kumtsinje ankawadziwa: mwana wochedwa kuyankhula umamuperera mbale ya galamafoni, n'kumathira ufa wake m'phala, poti mbaleyo ndi chinthu chodzaza mawu.

Amayi anakhala masiku atatu osanena. Tsiku lachinayi anagwada pafupi ndi mbaula, ine ndili pomwepo.

"Bambo, ndikupempha mbale ija."

Kanyundo kanaleka. Amayi anafotokoza zonse maso ali pansi, n'kuwonjezera kuti sakufuna yonse, kachidutswa ka m'mphepete kokha.

"Mbale yotere siibenthuka, mwana wanga," agogo anatero. "Imasweka."

"Ndiye mwanayu akule chonchi? Inu munayimba, anthu anakumvani. Uyu wamumva ndani?"

Ine ndinkafuna kukuwa kuti asiyeni agogo, asiyeni! Ndinkadziwa kuti mbaleyo ndi chokhacho chotsala chosonyeza kuti mkulu wokhoma zitiniyu anakhalapo munthu wogwedeza tauni. Koma ndinkafunanso kupita ku shikola. Ndinangoluma chala.

Agogo anayang'ana malichero aja, kenako anati, "Chabwino. Koma iyambe yalira kaye. Akazi angawa asadye chinthu chimene sanachimve."

M'mawa mwake tinakwera shapa, kagalimoto kodzaza anthu ndi matumba a mbatata, kutsika mapiri kupita ku Moatize. Kuzizira kwa kwathu kunathera m'njira, kunayamba kutentha kowawula, ndipo agogo anafungatira malichero aja pachifuwa n'kuwaphimba ndi jekete kuti dzuwa lingapinde mbale. Tinafika pa kanyumba ka malata kufupi ndi njanji imene inali itamera udzu. Panatuluka nkhalamba yowonda, yopanda mano akutsogolo.

"Simawo! Shamwali wanga! Ndimayesa udafa!"

"Ndikadafa bwenzi utamva bata," agogo anayankha, ndipo anakumbatirana mpaka zipewa kugwa.

Amenewa anali a Sabonete, oyimba ng'oma a gulu lija. Mwa anthu asanu ndi mmodzi aja anatsala awiriwa basi. Galamafoni anali nayo pansi pa bedi, koma singano zinatha kalekale ndipo chingwe chopukusira chinaduka m'kati. Ndinaganiza kuti ulendo wapita pachabe. Ayi ndithu! Agogo anatuluka, anakathyola minga ya mthethe, n'kuyisongola ndi kampeni kuti ikhale singano. A Sabonete anaika chala pakati pa mbale n'kuyamba kuyizunguza okha.

Kunamveka kaphokoso ngati mvula pa udzu, kenako mawu olemera ngati ng'ombe yodwala.

"Fulumira, iwe!" anatero agogo.

Chala chinafulumira, nyimbo n'kukhala ya mbewa.

"Wathamangitsa! Matenda ako aja sanathebe?"

"Ndiwe unkachedwa, ine ndinkakudikira!"

Kachitatu chala chinapeza liwiro lake, ndipo m'kanyumba kotentha muja munalowa anyamata asanu ndi mmodzi. Abale inu! Banjo ankadumphadumpha, ng'oma zikuyenda pansi ngati sitima yonyamuka, ndiye pamwamba pake panatuluka saksofoni, yonona, yoseka, yonyada, ikukwera n'kutsetsereka ngati ikunyengerera munthu. Ndinayang'ana agogo. Maso anali otseka, zala zakuda ndi mwaye zikuyenda pa mabatani a jekete, ndipo nsidze zinkakwera ndi kutsika kulamula anthu amene anafa kale. Amayi ena amene ankapita kumsika anaima pakhomo madengu ali pamutu. Mmodzi wachikulire anatula dengu lake, anagwira mnzake m'chiuno, n'kuyamba kuvina pafumbi pomwepo.

Nyimbo ya mbali yoyamba inali yachangu, ya sitima ya Loweruka. Anayibwereza kanayi chifukwa anthu a pakhomo ankapempha, ndipo munga uliwonse unkatha ndi kuyimba kumodzi. Ya mbali yachiwiri inali yodekha, imene agogo anapekera agogo aakazi asanawakwatire. Imeneyo inalira kamodzi kokha. Itatha, agogo ananyamula mbale n'kunena kuti basi, yakwana.

A Sabonete atamva chimene mbaleyo ikukachita, anakalipa. "Wapenga? Isiye kuno! Ukaiswa, ife tatha. Adzadziwa ndani kuti tinaliko?"

"Uyu," anatero agogo, akundiloza ndi chibwano.

"Nanga ukukhulupirira kuti ndi mankhwala?"

"Kaya. Koma m'lichero muja ikuchiza ndani?"

Titafika kumudzi agogo sanalole kuti amayi ayigwire. Anayala kapulana ija pa chitsulo chawo chokhomerapo, anaika mbale, anaphimba, n'kumenya kamodzi ndi kanyundo. Sikunamveke phokoso lalikulu. Anapera zidutswazo okha pamphero mpaka zinasanduka ufa wakuda, n'kuuthira m'kachitini kamene anakhoma tsiku lomwelo. Kenako anapita kudimba ndipo sanabwere kudzadya masana.

Ufawo ndinkadya pang'onopang'ono m'phala la m'mawa. Unkalira m'mano ngati mchenga. Mwana wanga amene anaphunzira za unamwino amati ndi mwayi kuti sunandiphe, ndipo musayese dala kupatsa mwana zoterozo. Ine ndimamuuza kuti ndamva, koma asanyoze anthu amene analibe china. Unatha mwezi, zii. Miyezi iwiri, zii. Kachitini kanatha. Amayi ankalephera kuyang'ana bambo awo kumaso, koma agogo sanatchulepo za mbaleyo ngakhale kamodzi. Ankangokhoma, n'kumandiitana akazi anga monga kale.

Tsiku lina nthawi yokolola, amayi anayanika ufa pamphasa n'kupita kumadzi. Ndinaona thadzi ndi anapiye ake akulowa pa ufawo, akupalasa ndi miyendo yonse. Mtima unandipsa.

"Nkhuku! Choka!"

Kanyundo kanagwa pansi. Agogo anandiyang'ana pakamwa pali yasa, misozi ikutsikira m'ndevu, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Kalanga ine! Anyamata asanu ndi mmodzi, masuti oyera, ulendo wa ku Sozibele, zonsezo mawu ake n'kukhala nkhuku!"

Kaya unali ufa uja, kaya inangokwana nthawi, ine sindidziwa ndipo ndinasiya kukangana nazo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu uja anaphwanya dzina lake ndi dzanja lake chifukwa cha ine, asakudziwa n'komwe ngati zithandiza. Chaka chotsatira ndinalowa shikola, n'kutchula dzina langa mokweza mpaka aphunzitsi anati ndichepetse. Agogo anamwalira ndili m'kalasi yachitatu, a Sabonete n'kuwatsatira mvula yotsatira.

Lero ndimagulitsa mbatata mumsika wa ku Moatize, ndipo wondipikisa pakamwa sanabadwe. Ana anga anafufuza pa foni nyimbo za agogo, poti amati m'menemo mumapezeka chilichonse. Sanapeze kanthu, ngakhale dzina la gulu. Ndiye akafuna kudziwa, ndimawayimbira ndi pakamwa ya sitima ija, kuyambira pa banjo mpaka pamene saksofoni imatsetsereka, ndipo mdzukulu wanga wayamba kale kuyigwira. Koma ya mbali yachiwiri, yodekha ija, ndinayimva kamodzi kokha ndili mwana. Ndimayisaka m'mutu ndikamasenda mbatata, imafika pafupi, n'kuthawa. Agogo akanali moyo ndinali ndi zaka zitatu zathunthu zoti ndiwapemphe andiyimbire, pakamwa panga patatseguka kale. Ndinayankhula zonse za padziko, koma zimenezo sindinafunse.